Kamera ya Nsalu Yakuda

Kwa zaka makumi atatu ndi ziwiri Ignasio anajambula anthu a pa Mayani ndi midzi yonse yozungulira, koma mkazi wake Elena sanamujambulepo ndi kamodzi komwe. Maukwati, maubatizo, matimu a mpira, ngakhale ng'ombe za anthu okonda kudzitama, zonsezi zinadutsa m'kamera yake. Koma akangoloza kamerayo kwa Elena, mayiyo ankakoka chitenje n'kudziphimba kumaso. Ana awo atagula mafoni anayesa kumujambula mobera, ndipo zimene anakolola ndi zithunzi za chitenje, za chigongono, za msana ukulowa m'khitchini. Chithunzi chokhacho chimene chinalipo chinali cha pachitupa cha unzika, kamutu kongofanana ndi njere ya nyemba, ndipo Elena mwini wake ankati ameneyo ndi mayi wina wake wosamudziwa.

Sikuti nkhope yake inali yoyenera kubisa, ayi. Anali mayi wa maso aakulu, wa kadontho kakuda patsaya, woseka ndi thupi lonse. Chimene ankadana nacho ndi kuyang'anidwa ndi munthu wotsinzina diso limodzi.

"Mumatsinzina ngati mukufuna kulasa njiwa," ankatero kwa mwamuna wake. "Kenako khethe, mwatha, munthu usanawongole n'komwe khosi. Kumeneko ndi kuba, bambo a Alinafe."

Akatero ankabwereza nkhani yake imodzimodzi ija. Ali kamtsikana, ku mishoni kunabwera mzungu wina ndi kamera ya matabwa ya miyendo itatu. Anakhazika mayi ake a Elena pampando, iye n'kudzifunditsa nsalu yakuda kumutu, n'kukhala m'menemo nthawi yaitali. Mayiwo anakonza duku, anakonza manja, anapuma, ndipo atatha zonsezo m'pamene anajambulidwa. Chithunzicho chinadyedwa ndi chiswe kalekale, koma Elena sanaiwale.

"Ameneyo anali wojambula wodziwa manyazi, wobisa nkhope yake," ankatero. "Mukadzapeza kamera ngati imeneyo, ndidzakhala pampando."

Inali nthabwala ya m'nyumba. Elena ankadziwa kuti kamera yotereyo kulibenso, Ignasio naye ankadziwa, ndipo onse awiri ankaseka. Nthabwala za m'banja zimakoma choncho pamene palibe amene akufulumira.

Chaka chimenecho mvula itangokata, Elena anayamba kuonda. Kuchipatala anamuyeza, anamutumiza ku Lilongwe, kumeneko anamuyezanso, kenako anamubweza kunyumba ndi mankhwala opha ululu. Palibe amene anafunsa tanthauzo lake, poti aliyense amadziwa chimene kubwezedwa kotereko kumanena.

Ignasio anali mkamwini. Kwawo kunali kufupi ndi Kasina, koma nyumba ya njerwa imene anamanga, mapichesi amene anadzala, dimba la kachewere limene anathyokerapo msana, zonse zinali pa nthaka ya kuchikazi. Ankadziwa kuti Elena akadzapita, masiku ake pamudzipo adzakhala owerengeka. Zimenezo sanadandaule nazo kwenikweni, chifukwa ndi mmene zimakhalira ndipo bambo ake omwe zinawachitikira. Chimene chinkamudya mumtima n'chakuti adzatuluka pamudzipo wopanda nkhope ya mkazi wake, iye munthu amene anadzaza makoma a anthu ena ndi nkhope za akazi awo.

Amene anamuuza za Collins anali dalaivala wa minibasi. Collins ankakhala pa Dedza boma. Paunyamata wake ankanyamulira katundu mzungu wina amene ankajambula zolemba zakale za m'mapanga a ku Chongoni, ndipo mzunguyo pobwerera kwawo anamusiyira makamera awiri akuluakulu, ndi luso lotsuka zithunzi m'chipinda chamdima. Ignasio sanauze munthu aliyense. Anangoti ali ndi nkhani zina pa boma, n'kuliza njinga yake yamoto.

Collins anali munthu wamtali, wa imvi za m'ndevu, wosathamangira kuyankhula. Anatulutsa makamera onse awiri n'kuwaimika pakhonde. Yoyamba inali yachitsulo, yoti ukaipinda imakhala ngati kasutikesi. Yachiwiri inali ya matabwa ofiirira, yaikulu ngati khola la nkhunda, ndipo pakati pake panali chikopa chopindikapindika ngati mvukuto wa wosula makasu.

"Poyambira, tengani yachitsuloyi, bambo," anatero Collins. "Filimu yake ndi yaing'ono, ngati chikhatho, ndipo ndili nayo bokosi lonse. Mukalakwitsa mubwereza. Mankhwala otsukira amene ndili nawo akwanira. Mukajambula Lolemba, Lachitatu chithunzi mwachigwira."

"Nanga ya matabwayi?"

"Imeneyo ndi nkhalamba, imafuna kuisamala ngati apongozi. Filimu yake ndi yaikulu ngati tsamba la kalendala, ndipo zatsala ziwiri zokha. Kuti nditsuke pamafunika mankhwala ambiri kuposa amene ndili nawo. Ndiyenera kuitanitsa kwa mnzanga wa ku Joni, ndipo ameneyo amabwera akafuna. Mwina mwezi, mwina itatu."

Ignasio anazungulira makamerawo ngati munthu wogula ng'ombe. Anagwira yachitsulo, n'kuona kuti ndi yanzeru. Anagwira ya matabwa, n'kumva mtima ukugunda. Anabwerera kunyumba osasankha. Patatha masiku anayi anapitanso, anafunsanso mafunso omwe aja, Collins n'kumuyankhanso mayankho omwe aja, ndipo anabwereranso chimanjamanja. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, koma pusiyo sanali ndi mkazi wodwala kunyumba. Mmene ankapita ulendo wachitatu, Elena anali atasiya kupita yekha kuseri.

"Bambo, ndikuuzeni mosabisa," anatero Collins tsikulo. "Ngati amayi akudwala chonchi, nthawi mulibe. Nsalu ndi nsalu. Mutha kudzifunditsa ndi yachitsulo yomweyi, iwo sadziwa."

"Adziwa," anayankha Ignasio. "Anati ya matabwa. Zaka makumi atatu akunena kuti ya matabwa. Ndikapita ndi kasutikesi aka andiseka, akoka chitenje, basi zathera pomwepo."

Umu ndi mmene munthu wodziwa ntchito yake anasankhira kamera yolakwika ndi maso ali tong'o. Anasiya njinga yake yamoto pakhomo pa Collins m'malo mwa malipiro, ndipo Collins anatha masana onse akumuphunzitsa. Chithunzi chimaoneka pagalasi la kumbuyo, ndipo kuti uchione uyenera kulowa m'nsalu. Diso la kamerayo linalibe chokhethemula, linali ndi kachipewa chabe. Uvula kachipewako, uwerenga mpaka zinayi, n'kukabwezera, ndipo nthawi yonseyo munthu wojambulidwayo asagwedezeke. Pomaliza Collins analowa m'chipinda chamdima n'kutuluka ndi bokosi lopyapyala lathabwa, lokhala ndi zitseko ziwiri zosolola, china mbali iyi china mbali inayo.

"Filimu zanu zili umu, imodzi uku ina uku," anatero. "Chitseko mumasolola bokosi likakhala m'kamera basi. Mukajambula mutseke, musatsegulenso mpaka mudzandipatse m'manja. Kuwala kukangolowamo, ngakhale kwa kuphethira kumodzi, zonse zafufutika. Ndipo muzikumbukira kuti mbali iti mwajambula chiyani."

Ignasio anabwerera pa minibasi, kamera ali nayo pamiyendo, anthu akumufunsa ngati ndi makina osokera.

Anasankha m'mawa wina wa Ogasiti, chifunga chitangonyamuka, mphepo itagona. Mapichesi a pakhomo anali atachita maluwa. Mwana wawo wamkulu Alinafe, amene anabwera kudzadwazika, anaika mpando pansi pa mtengo, kumbuyo kwake kuli khoma la nyumba. Kenako analowa kukatenga mayi ake.

Elena anatuluka pang'onopang'ono atatsamira paphewa la mwana wake. Ataona chinthu cha miyendo itatu chija chili chiimire pabwalo, anaima. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana mwamuna wake.

"Njinga ija ili kuti?"

"Yasanduka iyi."

"Amuna inu mulibe nzeru," anatero Elena, koma mawu ake anali ofewa. "Alinafe, kanditengere duku lobiriwira lija."

Anakhala pampando. Anakonza duku, anakonza chitenje pamaondo, anasanjika manja. Ignasio analowa m'nsalu yakuda. M'menemo munkanunkha fumbi ndi nkhungu, ndipo pagalasi panali mbuu. Anapotokola kachitsulo monga anamuphunzitsira Collins, mvukuto uja n'kutambasuka, ndipo mwadzidzidzi Elena anatulukira pagalasipo, mutu pansi miyendo m'mwamba, dzanja lamanja litapita kumanzere. Collins anali atamuchenjeza kuti zimaoneka chozondoka, koma sanamuuze kuti zimaoneka bwino chotere. Anaona ulusi uliwonse wa duku, anaona mitsempha ya pakhosi imene kale kunalibe, anaona kadontho kaja patsaya. Zaka zonsezi anali asanamuyang'anepo mkazi wake nthawi yaitali chonchi popanda mkaziyo kuthawa. Analira m'nsalumo mwakachetechete, ndipo anayamika kuti wopanga kamerayo anaganiza zoikapo nsalu.

"Mwagona m'menemo?" anafunsa Elena.

"Ndikukuonani chozondoka, amake Alinafe. Mutu uli pansi."

"Ndiye gwirani chitenje changa chisagwe."

Analowetsa bokosi la filimu, ndipo galasi linatsekeka. Apa m'pamene anazindikira chinthu chimene nkhani ya Elena sinanene: pojambula penipeni wojambula amatuluka m'nsalu n'kuima pambali pa kamera, maso ndi maso ndi munthu wake. Anatuluka, ndipo Elena anali atayamba kale kufunafuna nsonga ya chitenje.

"Sitinapangane zimenezi. Bwererani m'nsalu."

Ignasio anatenga nsaluyo n'kudzifunditsa kumutu ali chiimire pambali pa kamera, kusiya kampata koonera. Anasolola chitseko, anavula kachipewa ka diso, n'kuyamba kuwerenga. Atafika pa ziwiri Elena anati, "Mwafunda ngati namfedwa, ine ndikadali pano," ndipo anaphulika kuseka, kuseka kwake kuja kwa thupi lonse, mutu ukupita uku ndi uku, mpaka kusekako kunasanduka chifuwa. Ignasio anabwezera kachipewa akudziwa kuti filimu imodzi yapita.

Alinafe anabweretsa madzi. Elena anamwa, anapuma, anapukuta misozi.

"Zatsala zingati?"

"Imodzi."

"Chotsani nsaluyo kumutu," anatero. "Ndiyang'aneni ndi maso onse awiri."

Ignasio anatulutsa bokosi, analitembenuza, n'kulilowetsanso. Anasolola chitseko, anavula kachipewa. Elena anawongola khosi n'kumuyang'ana m'maso osaphethira, ndipo iye anawerenga mpaka zinayi mumtima, pang'onopang'ono, akulakalaka chiwerengero chitakhala chachitali. Palibe duwa la pichesi limene linagwedezeka. Atatseka anadziwa, monga mmisiri amadziwira, kuti chimenecho ndicho chithunzi chabwino koposa zonse zimene anajambula pa moyo wake. Anakulunga bokosilo m'chitenje chakale cha Elena n'kuliika pansi pa bedi. Za kukumbukira kuti mbali iti ndi iti, zinamutuluka m'mutu.

Mlungu uliwonse ankaimbira Collins, ndipo mlungu uliwonse Collins ankati wa ku Joni uja sanafike. Elena anafunsa kawiri kuti chithunzi chake chili kuti. Kachitatu sanafunse. Anamwalira pakati pa Seputembala, mapichesi atayamba kuika tizipatso, ndipo anamuika pamanda a kwawo kuseri kwa phiri.

Mlongo wake wa Elena, Gibson, ndiye anali mwini mbumba. Anali wogulitsa kachewere ku Lilongwe, munthu wa mawu okwera koma wosasunga mangawa. Mayi awo atamwalira, Elena ndiye anamulera, kumubereka kumsana popita kudimba, ndipo pamaliro Gibson analira mosabisa ngati mwana. Tsiku lojambula lija iye anali kumsika, ndipo anangomva kuti alamu ake agula chinthu chachilendo. Koma anamvanso zina. Pamudzi anthu anali atawerenga maulendo a Ignasio a ku boma, atatu onse, mkazi ali gone. Anaonanso kuti njinga yamoto yasowa. Mkamwini amene akupita ku boma mwakabisira nthawi yotere amakatani? Yankho analipeza okha pachitsime ndi pabawo: wakalembetsa dimba m'dzina lake, ndipo mapepala wawabisa m'nyumba.

Patatha milungu itatu linafika tsiku losudzula. Mwambo wa pamudzipo unali wakuti katundu yense wa m'nyumba atulutsidwe pabwalo dzuwa likuswa mtengo, chilichonse chitsegulidwe anthu akuona, kuti mawa pasadzapezeke wonena kuti chakuti chinatuluka mobisa. Ndi mwambo wabwino, wathetsa milandu yambiri. Namfedwa sayankhula yekha, amakhala pamphasa mutu uli pansi, ndipo amene amamuyankhulira ndi ankhoswe ake. Nkhoswe ya Ignasio inali mkulu wake Yohana, amene anabwera kuchokera ku Kasina, munthu waulemu amene za makamera sankazidziwa n'komwe.

Anatulutsa mipando, mabulangete, mapoto, makasu. Zina zinapita kwa ana, zina kwa abale a Elena, zina kwa Ignasio. Kamera ya matabwa anaiimika pambali, anthu anaiseka pang'ono, ndipo Gibson anati imeneyo ndi ya alamu, palibe amene akuifuna. Ignasio anali ataganiza zobisa bokosi lija tsikulo lisanafike, koma anaona kuti chinthu chobisidwa chikapezeka ndiye mlandu weniweni. Anaganiza kuti adzafotokoza, anthu adzamva. Kenako mayi wina anatuluka m'nyumba atanyamula kamtolo ka chitenje.

"Aka kanali pansi pa bedi," anatero mayiyo.

Gibson anamasula chitenjecho. Bokosi lopyapyala, lotsekedwa mbali zonse, lalikulu ndendende ngati pepala la ku ofesi. Ignasio anakoka malaya a mkulu wake n'kumunong'oneza. Yohana anakhosomola.

"Akuti chimenecho chisatsegulidwe," anatero Yohana.

Anthu anayang'anana. Kunena zoona, panalibe mawu ena oipa kuposa amenewo amene akanayankhulidwa pabwalopo tsiku limenelo.

"Chifukwa chiyani?" anafunsa Gibson.

"Akuti sichifuna dzuwa."

Mayi wina kumbuyo anaseka mwachipongwe. Yohana anaweramira kwa mng'ono wake. "Mphwanga, ukakaniza akuganizira zoipa," ananong'ona. "Aleke aone, tichoke pano ndi ulemu wathu."

Ignasio anaimirira, chinthu chimene namfedwa sachita. "Alamu, ndikupemphani," anatero. "Mulibe mapepala m'menemo. Muli chithunzi cha achemwali anu. Sichinatsukidwe. Tiyeni tipite limodzi ku boma, bokosi munyamule nokha, akatsegule m'chipinda chamdima inu muli pomwepo."

"M'chipinda chamdima," anabwereza mkulu wina, ndipo mawuwo anayenda pabwalo lonse.

"Malume, ndi zoona," anatero Alinafe kuchokera kumene kunakhala amayi. "Ndinalipo. Amayi anavala duku lobiriwira, anakhala pansi pa pichesi apo."

Mwanayo ankafuna kuthandiza. Koma nkhope ya Gibson inasintha, ukali wonse unachoka, ndipo chimene chinatsala chinali choopsa kuposa ukaliwo. Anayang'ana bokosilo ngati munthu amene wauzidwa kuti mlendo amene amamuyembekezera ali kuseri kwa chitseko.

"Achemwali analola kujambulidwa?" anafunsa motsitsa mawu. "Ali umu?"

"Ali momwemo, koma sangaoneke panopa. Alamu, chonde."

Gibson anali munthu wa foni. Kwa iye chithunzi chinali chinthu choti ukajambula umachiona pompo. Sanafune kuwononga kanthu. Anangogwira nsonga ya chitseko n'kusolola chonse, ndipo m'katimo munali tsamba losalala, lotuwa, lopanda kanthu. Analipendeketsa kudzuwa kuti aone bwino.

"Ali kuti?" anafunsa. Anatembenuza bokosilo n'kugwira chitseko chinacho.

Ignasio sanadziwe mmene anadutsira pabwalopo. Anangozindikira ali chogwada m'fumbi, manja onse awiri atapana chitsekocho pamwamba pa dzanja la mlamu wake, akubwereza mawu amodzi okha, "Iyi yokha, iyi yokha." Bambo wa imvi, pamaso pa apongozi ndi adzukulu. Amayi ena anayang'ana kumbali. Yohana anayamba kupepesa kwa akuluakulu. Gibson anayang'ana manja amene anapana dzanja lake, ndipo anasiya bokosilo.

"Mulibe mapepala," anauza anthu. Kenako anati kwa Ignasio yekha, "Ndimangofuna ndiwaone, alamu." Anapita kuseri kwa nkhokwe ndipo sanabwerenso mpaka mwambo unatha.

Akuluakulu anamusudzula Ignasio bwinobwino, ndi mawu aulemu, kumuthokoza kuti anasunga mwana wawo mpaka mapeto. Tsiku lotsatira anakwera galimoto ya matola ndi Yohana, kamera, bulangete ndi bokosi lija. Ku Kasina anamupatsa kanyumba kamene kale munkagona anyamata. Ana a abale ake ankamutcha agogo a ku Mayani. Masiku onsewo ankangoganiza chinthu chimodzi: mbali imene Gibson anatsegula inali iti? Tsiku lina ankatsimikiza kuti inali yoseka ija, mawa lake ankatsimikiza kuti inali inayo. Anapemphera za nkhaniyi, ngakhale ankachita manyazi kuvutitsa Mulungu ndi filimu.

Mankhwala anafika mu Novembala, mvula yoyamba itagwa. Ignasio anafotokozera Collins zonse ali chiimire pakhomo. Collins sananene kuti ndinakuuzani, ngakhale anali ndi ufulu wonse wonena. Anangotenga bokosilo n'kulowa nalo, ndipo patapita nthawi anatuluka ndi tsamba limodzi lonyowa, lakuda bii kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Iyi ndi ija inaona dzuwa," anatero. "Inayo ili ndi kanthu. Ikauma tiika papepala, mulowe mudzaone nokha."

M'chipindamo munali kababu kofiira ndi fungo lowawasa. Collins anasanjika filimuyo papepala loyera, anayatsa getsi kamphindi, n'kuviika pepalalo m'beseni. Anagwedeza beseni pang'onopang'ono. Poyamba panalibe kanthu. Kenako khoma linayamba kutuluka, njerwa iliyonse payokha, ndi mng'alu uja umene Ignasio ankati adzamata. Panatuluka mtengo wa pichesi, duwa lililonse ndi timitsitsi take. Panatuluka miyendo ya mpando, nsapato za Elena, maluwa a pachitenje pamaondo, ngakhale ulusi umene unasomoka m'mphepete. Kamera ya matabwa ija sinaname, inagwira zonse zimene zinakhala chete. Pamwamba pa mapewa, pamene panayenera kukhala nkhope, panali kamtambo koyera kotambalala ngati chifunga cha m'mawa.

Collins anatsuka pepalalo, analitulutsa panja n'kulipachika pachingwe cha pakhonde. Anaima pambali. Kenako anati, "Pepani, bambo."

Ignasio anayandikira. Analoza kamtamboko ndi chala, osakhudza.

"Apa ankaseka," anatero.

Collins anayang'ana, ndipo anagwedeza mutu mwaulemu, koma zinali zoonekeratu kuti sakuona kuseka kulikonse. Palibe amene akanakuona. Alinafe adzaona mpando ndi chitenje, adzukulu adzaona nyumba imene agogo awo anamanga pamudzi wa eni. Nkhopeyo inatsala m'mutu mwa Ignasio mokha, ndipo iye anatseka maso kuti aione. Inabwera monga anaionera pagalasi m'nsalu muja, yowala bwino, mutu pansi, manja atasinthana. Anayesa kuitembenuza kuti ikhale monga Elena ankakhalira pakhonde, koma inakana. Anafunafuna kadontho kaja, ndipo anakapeza tsaya ili, kenako tsaya linalo.

"Mwana wanga," Ignasio anafunsa Collins, "pagalasi paja, chimene chili kumanzere chimakhala kuti chili kumanja?"

"Eya, bambo. Zonse zimasinthana."

Ignasio anakweza dzanja n'kugwira tsaya lake lamanzere. Kenako anagwira lamanja. Zaka makumi atatu ndi ziwiri anagona pambali pa kadontho kameneko, ndipo anaima pakhonde la Collins, chala chili patsaya, osadziwa kuti kanali mbali iti.